Nthochi ya pa Manda a Yoramu

1

Dzina langa ndine Malita. Kwathu ndi kwa Kasinje, koma ukwati udanditengera kumtunda kwa Mlangeni, kuja amayi amathamangira mabasi ndowa za kachewere zili kumutu. Mwamuna wanga mukumudziwa, musachite kukana. Ngati mudakwerapo minibasi kapena kumetetsa pamsika zaka zapitazi, mawu a Raymond, uja ankadzitcha Nthungo, adakulowani m'khutu mufune musafune. Woimba rapu, mwini pulogalamu pa wailesi, mwini fakitale ya tchipisi, wolankhulira akaidi oiwalika. Amene adamugwetsa munthu ameneyo ndine mkazi wake, masana dzuwa likuswa mtengo, kumanda, makamera akujambula. Mwanditukwana mokwanira pa mafoni. Lero mumveko mbali yanga.

Raymond sadali woyamba. Amuna anga oyamba adali a Yoramu, mkulu wake. Sindidaonepo anthu a bere limodzi osiyana chotero. Raymond adali pakamwa pokhapokha, tsiku lonse kulakatula Chichewa chosakaniza ndi chizungu uku akumenya chigubu kuseri kwa khola. A Yoramu mawu ankachita kugula. Iwo ankalankhula ndi mwendo. Ng'ombe idawabaya ntchafu ya kumanzere ali mnyamata, ndiye pa gule wa ngoma, pomwe amuna onse amaponda kamodzi, iwo ankaponda kawiri ndi mwendo wolumalawo kuti awapeze anzawo, dii-di! Anthu ankaseka, kenako n'kuyamba kutsanzira. Ine ndidawakondera kapondedwe komweko.

Titabereka Tisungane, adamupekera kanyimbo kongoimbira m'nyumba: Tisu wa Nanzunga, tonthola, ng'ombe za ababa zili kudambo. Nanzunga ndine, ndi mfunda wakwathu.

Chaka chomwe feteleza adakwera mpaka ulimi wa kachewere n'kusanduka kulimira ena, awiriwo adanyamuka ulendo wa ku Joni, monga adachitira bambo awo nthawi ya migodi, osabwerako. Tisu n'kuti akukwawa. A Yoramu adalibe pasipoti yawoyawo, adabwereka ya munthu wina wofanana nawo nkhope, monga ankachitira ambiri. Adati ndikafika ndiimba foni. Sadaimbe. Ankaimba ndi Raymond, n'kumati achimwene ali ku famu kopanda netiweki.

Dzinja lachiwiri Raymond adatulukira yekha atanyamula chikwama cha mkulu wake. Adagwada pakhomo pa apongozi anga, mayi Lufina, n'kunena kuti moto udabuka m'zisakasa momwe ankagona, ndipo achimwene adapsa osatsala kanthu koti munthu n'kunyamula.

2

Kwathu kuno maliro sakhala opanda manda. Munthu akafera kutali thupi osabwera, adzukulu amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu pamodzi ndi zovala za malemu, n'kuliika ngati munthu. Bambo awo a anyamatawa adaikidwa chomwecho. A Yoramu tidawaikanso chomwecho, pambali pa bambo awo. Ine ndidalira mpaka mawu kutha, ndidametedwa, ndidavala zakuda chaka chathunthu. Ndidalira thunthu la nthochi, abale anga, ndi mtima wanga wonse.

Chaka chitatha akuluakulu adakhala pansi. Ng'ombe za malowolo zidapita kale kwa Kasinje, mwana ndi wa pamudzi pano, nanga Malita apite kuti? Adagwirizana kuti Raymond alowe m'nyumba ya mkulu wake. Za chokolo anthu a tchalitchi amazinena monong'ona masiku ano, koma zimachitika. Poyamba ndidakanitsitsa. Mwana amene ndidamuona akuyenda ndi kabudula wong'ambika kumbuyo akhale amuna anga? Mpaka lero pakamwa panga pamakana kunena kuti a Raymond mwini wake akakhala palibe. Koma mnyamatayo ankatisamala ine ndi Tisu modabwitsa, osatopa, osadandaula, ndipo sindikunamizani, ndidamukonda. Patapita nthawi tidakadalitsa ukwati kutchalitchi, Tisu n'kukula akumutcha adadi.

Mvula yoyamba chiikireni maliro itagwa, pamanda a Yoramu padaphuka nthochi.

Adzukulu adati palibe chodabwitsa. Tsiku la maliro adafulumira, adazula thunthu ndi chitsa chomwe, komanso dzenje silidali lakuya. Aliyense adavomereza kupatula mayi Lufina. Iwo ankafunsa kuti nanga ya amuna awo idaoleranji osaphuka? Ankanena pamsewu pomwe akugulitsa kachewere, kwa aliyense woima, ngakhale madalaivala a mathiraki osamva Chichewa, kuti mwana wanga sadafe, nthochi yake ikukana. Chishango chomwe a Yoramu ankavinira ngoma adakana kuti chiikidwe m'manda, adachipachika kuchipinda kwawo n'kumachipukuta fumbi. Anthu adati chisoni chawazunguza mutu. Inenso ndinkatero, ndipo nthawi zina ndinkawakalipira kuti akuopseza mwana.

Raymond akamva zonenazo ankatenga chikwanje, kupita kumanda yekha osauza ndi adzukulu omwe, n'kukaidula. Ikaphukanso, kukaidulanso. Ankabwerako ali thukuta kamukamu ngakhale kukhale chisanu cha mu Juni. Nthochi yakupsa sankadya, ngakhale chitumbuwa chimene. Ine ndinkati ndi chikondi cha pa mbale wake.

3

Nyimbo yomwe idamutchukitsa mukuikumbuka, ija yolira mkulu wake wopsera ku Joni. Pansi pake adaikapo mgugu wa amuna a ngoma, ndipo mukamvetsera bwino, mwendo umodzi umaponda kawiri. Adangoitumiza pa mafoni, posakhalitsa ili m'mabala monse kuyambira ku Tsangano mpaka ku Nsanje. Ine ndinkati ikayamba kulira ndituluke panja, chifukwa ndinkamva ngati a Yoramu akubwera kuseri kwa nyumba.

Ndalama zidayamba kutidziwa. Wailesi ina ya ku Lilongwe idamupatsa pulogalamu ya Loweruka masana, kenako ya pa kanema. Adatsegula situdiyo pa boma pa Ntcheu, ndi kafakitale ka tchipisi ta m'mapaketi pa Mlangeni pomwepa, kogula kachewere wa alimi akwathu pamtengo wabwino. Ine amene ndinkapala moto kwa aneba ndidayamba kuyendetsa galimoto, magalasi akuda ali kumaso. Musandiseke, inunso mukadavala.

Kenako adatembenukira kundende. Adayambitsa bungwe lomenyera anthu a pa rimandi, aja amatsekeredwa kudikira mlandu, mlandu osabwera, zaka n'kumapita. Adalemba ntchito loya wachitsikana dzina lake Cathy, wolusa ngati mavu. Ankakaimba m'mabwalo a ndende, kunyengerera oweruza kuti akazengere milandu konko, kukalankhula kwa aphungu atavala suti ndi nthenga za chingoni kumutu. Anthu mazanamazana adatuluka chifukwa cha iye, izi palibe angatsutse. Amayi ankabwera pageti pathu ndi nkhuku kudzathokoza.

Koma ine ndinkaona zomwe kamera siona. Cathy akaimba foni kunena omwe atuluka, Raymond ankamvetsera mpaka dzina lomaliza, n'kufunsa kuti basi? Akatero tsiku lonse osadya. Ndipo padali ndende imodzi ya kummwera yomwe sadapondeko phazi. Akamuitana kumeneko, malungo ankamugwira tsiku lomwelo.

Chomwe chinkandidya kwambiri ndi china. Kumapeto kwa mwezi uliwonse ankalongedza yekha jumbo: sopo, shuga, usipa, mafuta odzola, nthawi ya chisanu bulangete, n'kukapatsa kondakitala wa basi ya kummwera. Ndikafunsa ankati ndi za bungwe. Za bungwe bwanji, bungwe lili ndi galimoto yake? Ine ndidati apa pali mkazi, mkazi wa mwana ndithu. Ndidafufuza mufoni, ndidanunkhiza malaya, mpaka ndidakalira kwa ankhoswe. Ankhoswe adandiseka kuti chibwenzi cha masiku ano sichilandira usipa. Ndidabwerako ndi manyazi, koma mtima sudakhale pansi.

Chaka chomwe Tisu adalowa sekondale, Raymond adalengeza kuti amangira mkulu wake chiliza cha simenti ndi matailosi, nthochi izulidwe ndi mizu yomwe, ndipo a kanema adzajambula mwambo wonse. Mayi Lufina atamva adati wothira simenti pamenepo ayambe wathira pa iwo.

4

Kutatsala masabata ochepa kuti chiliza chimangidwe, bungwe lidakonza chisangalalo pabwalo la fakitale, kulandira amuna omwe adangotuluka kumene. Kudali mpunga wa ku Bwanje, nyama ya mbuzi, ndi gulu la ngoma la kwathu ndi zishango zawo. Pakati pa otulukawo padali bambo wina wochepa thupi wa ku Chikwawa, dzina lake Fanizo. Iyeyu adakhala zaka zingapo m'ndende ija Raymond ankaithawa, pa mlandu wa mbuzi yomwe mwini wake adaiwala kalekale. Ngoma itakolera, Fanizo adalowa mumzere, anthu n'kumaseka kuti munthu wa kuchigwa waidziwira kuti ngoma.

Ine n'kuti nditanyamula beseni la mbale. Ndidaona Fanizo akukweza mwendo wa kumanzere n'kuponda kawiri. Dii-di. Ndidadziuza kuti watengera nyimbo ya pa wailesi. Atatopa adadzakhala pa njerwa pafupi ndi pomwe tinkatsukira, akupuma wefuwefu, n'kuyamba kuimba chapansipansi: Tisu wa Nanzunga, tonthola.

Beseni lidagwa, mbale n'kumwazika. Nyimbo imeneyo sidatulukepo m'nyumba mwanga. Ngakhale Tisu mwini wake sankaidziwa, ndidasiya kuiimba tsiku la maliro.

"Bambo, nyimboyo mwaitenga kuti?" ndidamufunsa.

Adaseka pondithandiza kutola mbale. Adati m'chipinda chawo mudali mkulu wina wotsimphina, a Geoffrey, wa ku Ntcheu konkuno, wa mlandu wakupha womwe sudalowepo m'khothi. Munthu wofatsa, wosalankhula, koma Lamulungu lililonse ankawaphunzitsa ngoma kuti miyendo isafe, ndipo akamachapa ankaimba kanyimbo aka. Palibe mlendo adabwerapo kudzawaona, koma jumbo yawo sinkaphonya mwezi.

Geoffrey. Dzina la mupasipoti yobwereka ija.

Ndidayang'ana kunsanja komwe Raymond adaima maiki ili m'manja. Nayenso adali ataona kuponda kuja. Adali atasiya vesi pakati, woseweretsa zimbale akungobwereza chidutswa chomwechomwecho kumudikira, iye maso ali pa mwendo wa Fanizo.

5

Ndidanama kuti ndikukaona mayi kwa Kasinje. Ndidakwera basi ya kummwera, pamiyendo pali kontena ya kachewere wophika wothira tomato, momwe a Yoramu ankakondera. Njira yonse ndinkapemphera kuti akhale munthu wina. Mundimvetse bwino pamenepa. Ine mkazi wa mvano ndinkapempha Mulungu kuti amuna anga akhale akufa.

Pageti adandilawitsa chakudya monga amachitira ndi aliyense. Ndidatchula dzina la Geoffrey, msilikali n'kundiyang'ana modabwa kuti ameneyu ali ndi abale? Adandiimika pawaya. Ndidamva mapazi ndisanaone munthu, phazi limodzi likukoka. Kenako adatulukira mkulu wa imvi, mano akutsogolo palibe, khungu lotuwa ndi mphere. Adandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanzunga," adatero. "Mwanenepa."

Ndidagwirira waya. Thupi lonse linkati thawa, pakuti uyu ndi munthu yemwe ndidamuthirira dothi ndi dzanja langa. Ndidangoti tidakuikani, tidakulirani, tidameta. Adati akudziwa.

"Maliro anga ndidawamvera pa wailesi ya nyapala wathu, mkaidi wotiyang'anira. Chipinda chonse chinkaimba nawo. Nyimbo yabwino. Mwana uja ali ndi luso."

Za ukwati wathu adamveranso pomwepo, tsiku lomwe Raymond adandipatsa moni pa pulogalamu kuti mayi a kunyumba. Adanena izi mopanda mkwiyo, ngati akunena za mvula ya chaka chatha, ndipo zikadakhala bwino akadanditukwana.

Kenako adandiuza zonse. Ku Joni sadafikeko n'komwe. Pa tauni ina ya kumalire, akudikira thiraki yowaolotsa, Raymond adalowa mpikisano wa rapu pabala ina. Adamunyoza mnyamata wa konko m'mavesi mpaka anthu kufa ndi phwete. Uja adapsa mtima n'kumugwira pakhosi, Raymond n'kutola botolo. Kamodzi kokha. A Yoramu pofika adapeza munthu ali thapsa pansi, mng'ono wawo malaya ali magazi okhaokha. Adamuvula malayawo n'kuvala iwo, kumupatsa chikwama, n'kumuuza kuti thamanga, uzikauza kumudzi kuti ndili ku famu. Apolisi atafunsa dzina, adapereka la mupasipoti kuti manyazi asakafike kwa mayi. Ankaganiza kuti poti ndi ngozi ya pa ndewu, zaka ziwiri zitatu atuluka. Koma mboni zidabalalika, wofufuza mlandu adasamutsidwa, ndipo Geoffrey adalibe mbale woti n'kumufunsira.

Ndidati ndikanena. Ndikauza Cathy, ndikauza mayi, ndikauza dziko lonse. Apa ndi pomwe ndidawaona atakwiya koyamba chikwatiranireni. Adasendera pawaya mpaka ndidamva mpweya wawo.

"Musayerekeze. Mwana uja watulutsa anthu angati m'dziko muno? Fakitale ikudyetsa mudzi. Tisu ali pasukulu. Zonsezo ndagula ndine, ndi zaka zanga. Mukakanena, ndiye kuti ndakhalira chabe muno."

"Nanga mayi? Mpaka lero akuti simudafe."

Kenako adafunsa ngati Tisu ndi wamtali, ngati amaseka ngati ine. Ndisanamalize kuyankha msilikali adati nthawi yatha. Ndidaima pomwepo kumvetsera phazi lija likukoka mpaka chitseko chidatsekedwa.

6

Raymond ndidamupeza musitudiyo pa boma, m'kachipinda kaja ka makoma a siponji komwe mawu satuluka kunja. Ndidatseka chitseko, kuika kontena yopanda kanthu patebulo, n'kumuuza kuti a Geoffrey akupereka moni.

Sadakane. Adatsetsereka pampando mpaka kukhala pansi. Adati chaka choyamba ankangodikira kuti achimwene atuluka. Chachiwiri mayi atamupanikiza ndi mafunso, bodza la moto lidangotuluka lokha, ndipo manda atakumbidwa adaona kuti njira yobwerera yatsekeka. Anthu oti ameta kale ungawauze bwanji kuti ameta chabe? Bungwe lonse lija, maulendo onse a kwa aphungu, ankafuna chinthu chimodzi: lamulo loti aliyense wokhalitsa pa rimandi atuluke, kuti achimwene atulukire m'chigulu iye osatchula dzina. Koma khothi lililonse lopita kundende linkatulutsa a mbuzi ndi a njinga, n'kusiya a milandu yakupha.

"Ndiye simenti ija ndi ya chiyani?" ndidamufunsa.

"Ndikaiona nthochi ija ndimawamva akuponda. Ndatopa, Malita. Ndipatseni chaka chimodzi chokha. Lamulo latsala pang'ono."

"Mudandilowera m'nyumba mukudziwa kuti mwini nyumba ali moyo."

Apa adagwira mapazi anga n'kunena kuti adandikonda kalekale, ndisanakwatiwe n'komwe ndi mkulu wake. Iye ankayesa akundinyengerera. Koma mwa zonse zomwe ndidamva sabata imeneyo, mawu amenewo ndi omwe adandiziziritsa thupi, chifukwa ndidayamba kudzifunsa ngati bodza la moto lija lidangotulukadi lokha.

Ndidabwerera kunyumba. Amuna awiri, onse akuti khala chete. Ndipo ndidakhaladi chete. Ndinkaphika, ndinkachapa, ndinkalandira matumba a simenti pageti n'kuwauza anyamata poika. Cathy adabwera kudzakonza za mwambo, tidamwa tiyi, mawu adafika pakhosi n'kubwerera. Ndinkayang'ana amayi omwe amasenda kachewere mufakitale n'kumaganiza za ana awo. Ndinkayang'ana nyumba yanga ya malata ofiira. Inde, nayonso ndinkaiyang'ana, ndinamirenji. Makina odulira tchipisi akamagunda masana, ine ndinkamva dii-di, dii-di, mpaka ndinkatseka mawindo. Uku Tisu ali pakhonde kuloweza mawu oti akanene pamanda a bambo ake.

7

Tsiku la chiliza kudacha ndi nkhungu ya kwathu ija, yoti munthu umamumva kutsokomola usanamuone. Pofika masana idachoka, dzuwa n'kuwomba. Kudabwera abusa, akwaya, a bungwe, alimi a kachewere, ndi a kanema ndi makamera awo. Tisu adavala yunifolomu, maluwa ali m'manja. Mayi Lufina, amayi awiri a mvano adawagwira mikono uku ndi uku kuti asasokoneze mwambo.

Ndinene zoona, ndidapita kumeneko nditatsimikiza kusatsegula pakamwa. Raymond adaimba vesi yoyamba ya nyimbo ija popanda zoimbira, anthu misozi ili chuchuchu. Kenako mmisiri adayandikira nthochi ndi khasu. Chaka chimenecho idali itabereka koyamba, poti Raymond adaisiya podziwa kuti izulidwa, ndipo mkoko udali lende. Abusa adakodola Tisu. Mwana adagwada, kuika maluwa, n'kunena kuti, "Ababa, gonani bwino. Sindidakudziweni, koma ndimakusowani."

Mwana wanga kutsanzikana ndi nthochi, bambo ake ali moyo, akudya kamodzi patsiku ndi usinini! Sindikudziwa momwe ndidadumphira mzere wa amayi. Mkazi salankhula kumanda kwathu kuno, koma ndidangopezeka ndaima pamtumbira nditakumbatira thunthu lija.

"Muno mulibe munthu, nonse mukudziwa. Koma mwini wake sadapse ku Joni. A Yoramu ali moyo, ali m'ndende, ndawaona ndi maso angawa. Mufunseni mng'ono wawo kuti mlanduwo ndi wa ndani."

Wina kumbuyo adati nayenso wapenga. Mayi Lufina sadakuwe, sadagwe. Adachotsa manja a amayi aja pa mikono yawo, kuyenda mpaka pomwe adaima Raymond, n'kumufunsa ndi mawu omwe amafunsira mtengo wa ndowa pamsewu.

"Raymond, n'zoona?"

Adayang'ana kamera, adayang'ana ine, adayang'ana Tisu. Kenako adavomera ndi mutu. Adaika maiki pa thumba la simenti n'kupempha Cathy kuti amuperekeze kupolisi. Mayi Lufina adakhala pansi pambali pa nthochi yawo, n'kuyamba kuchotsa masamba ouma. Akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo, ndipo ife tonse amene tinkawaseka tidachoka kumandako mitu ili pansi.

8

Kanemayo adazungulira mafoni dzuwa lisanalowe. Wailesi idachotsa pulogalamu, othandiza bungwe adasiya kupereka thandizo, nkhani ya lamulo lija n'kuzizira. Masitolo adabweza tchipisi tathu, ndipo mufakitale muja pano mumagona mbuzi. Alimi omwe tinkawagula kachewere sandipatsa moni. Mayi wina yemwe mwana wake akadali pa rimandi adandiimbira foni kundifunsa kuti wanu atuluka, nanga athuwa awatulutsa ndani?

Cathy adalimbana nazo miyezi ingapo, a Yoramu n'kutuluka. Atafika pamudzi ana adathawa, akulu ena adatseka zitseko, pakuti munthu woti adamumetera maliro salowa pakhomo wamba. Akuluakulu adati manda ayambe afukulidwa, chitsa chichotsedwe, iphedwe mbuzi, ndiye alowe. A Yoramu adangomvetsera, kenako adauyamba wa kumanda, ife tikutsatira patali. Mkoko uja udali utapsa, palibe adalimba mtima kuukhudza kupatula mbalame. Adaima pamtumbira wawo, adathyola nthochi imodzi, kusenda, n'kudya pang'onopang'ono.

"Musafukule," adawauza akuluakuluwo. "Yoramu ali momwemu. Amene adanyamuka kupita ku Joni uja sadabwere."

A Yoramu adamugwira Tisu pamutu n'kumuimbira kanyimbo kake kamodzi, mwana ali chilili, misozi ikutsika, osadziwa kuti awatche ndani. Kwa ine adangonena mawu awiri.

"Ndidakupemphani, Nanzunga."

Adagona masiku ochepa kwa mayi awo, kenako adatenga chishango chawo n'kutsikira ku Bwanje, komwe akulima mpunga m'munda wa eni. Tisu amapitako pa holide. Ine sadandiitanepo.

Raymond ali pa rimandi. Akuti mboni zikusowa, ndipo pa wailesi palibenso wonena za anthu ngati iye. Kumapeto kwa mwezi ndimalongedza jumbo, sopo, shuga, usipa, n'kukwera basi. Kondakitala sindimupatsa. Ndimapita ndekha n'kukaima pawaya, chifukwa ndidaona momwe munthu amathera akamalandira jumbo yopanda nkhope. Masiku ena timalankhula, masiku ena timangoyang'anana mpaka msilikali atatibalalitsa.

Inu owerenga, ena mwa inu mukuti ndidachita bwino, ena mukuti ndidapasula mudzi ndi mtima wapachala. Weruzani momwe mungathere, ine ndidayesa ndipo zidandikanika. Amene ndidamutulutsa sadandithokoze, amene ndidamutsekeretsa amandithokoza pa sopo. Chomwe ndikupemphani ndi chimodzi. Ngati muli ndi wanu kuseri kwa waya, kaya adalakwa kaya sadalakwe, musadikire woimba kuti akamutchule pa wailesi. Kwerani basi, mukaime pageti, mukamutchule dzina lake lenileni. Ndipo wina akabwera yekha kuchokera kutali atanyamula chikwama cha mnzake, musafulumire kudula nthochi.

Yathu ija ikadalipo, yachita ana mozungulira, ndipo mayi Lufina amaithirira chilimwe chonse. Njira yopita kokwerera basi imadutsa m'mbali mwa manda. Ndikamadutsapo mmawa jumbo ili kumutu, ndimafulumira, chifukwa kukakhala nkhungu ndimamvabe mwendo ukuponda kawiri kumbuyo kwanga, ndipo sinditembenuka.